Chithunzi Chomaliza pa Filimu ya Willard

"Sendererani kuno, a Sefu! Mkaziyu ndi wanu, simunabe ayi. Mugwireni paphewa!"

Willard ankalankhula diso lili pa kamera. Ntchito yake inali yomweyo, kujambula anthu obwera kudzapitidwa mphepo m'mbali mwa Shire, pa boma la Mangochi. Ena ankakonda kuima pansi pa nsanja ya wotchi, ena kutsamira mzinga wakale wankhondo umene unali pamenepo. Koma Sefu ndi Amida, amene anali atangomanga banja ku Lungwena, anafuna kuti madzi aoneke kumbuyo kwawo.

Tsiku limenelo Willard anali ndi phuma. Filimu sankaitumiza ku Blantyre kukatsukitsa isanadzaze, ndipo pa iyi panatsala malo a chithunzi chimodzi basi. Mkati mwa filimuyo munali Lusiya, kamwana ka Dorika wa ku Nkope. Anakajambula katakhala pamzinga, katavala diresi yachikasu, kakuseka ndi mano ake awiri. Sabata yotsatira malungo anakatenga. Chithunzi china cha mwanayo kunalibe kwina kulikonse. Chichokereni kumanda, Dorika ankakwera basi Lachisanu lililonse, n'kudzakhala pa masitepe otsikira kumtsinje.

"Yadzaza, achimwene?" ankafunsa choncho.

"Yatsala pang'ono, mayi."

Lachisanu limenelinso anali pomwepo, dzanja lili patsaya. Willard anafunitsitsa kuti kamodzi kokha amuyankhe kuti inde. Ndiye sanasankhe n'komwe poimika akwatiwo. Anangodina.

Dzanja linagwa paphewa pake.

"Wajambula chiyani?"

Anali Kingstone, mkulu wa achinyamata a chipani, malaya ofiira ali pathupi, anzake awiri ali pambuyo.

"Akwati, bwana."

"Nanga kumbuyo kwa akwatiwo kuli chiyani?"

Willard anakweza maso. Mayo ine! Mlatho wonse unali apo, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Zaka zisanu ndi chimodzi akujambula pamalopa, anali asanalakwitsepo chotere. Aliyense pa boma ankadziwa kuti wolozetsa kamera pamlatho ankamutcha wotumidwa ndi zigawenga. Macloud, kalaliki uja ankakonda kujambula mabwato, anamutengera nkhani ngati yomweyi, ndipo chaka chachiwiri chinali kutha mkazi wake asakudziwa kumene ali.

Willard anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za mkazi wake Agatha kunyumba, wodwala pakati, mwezi wake uli pafupi.

"Wallahi, ambuje, ife timangofuna madzi," anatero Sefu atavula chisoti chake. "Mlathowo sitinauone."

"Simunauone? Chinthu chonsechi? Ndiye kuti maso munawasiya ku Lungwena! Tiyeni kuofesi nonse atatu. Filimuyo akatsuka okha akuluakulu, akaona."

Amida anayamba kulira mosatulutsa mawu, atadziphimba kumaso ndi mpango. Anthu amene ankayenda m'mbali mwa mtsinje anabalalika mwaulemu, aliyense ngati wakumbukira ntchito. Wogulitsa mtedza ananyamula lichero lake. Anatsala ndi Dorika yekha pa masitepe paja.

Kingstone anamukokera Willard pambali, n'kutsitsa mawu.

"Iwe, tinakhala pa desiki imodzi kusukulu, n'chifukwa chake ndikukuuza izi. Tsegula chinthu chakocho pompano, anyamatawa akuona. Dzuwa lidye zonse. Ukatero palibe mlatho, palibe mlandu."

"Kingstone, chonde. Mu filimumu muli mwana wa mayi awo akhala apowo. Anamwalira. Alibe chithunzi china."

"Pepa. Koma ine ndikakusiya ndi filimuyo, awiriwa akandinenera ineyo madzulo ano. Kulowa kuofesi kuja n'kosavuta, kutuluka ndiye sindikulonjeza. Sankha msanga."

Willard anayang'ana Sefu, milomo ikungogwedera ndi pemphero. Anayang'ana Amida, zala zake zikadali zofiira ndi zodzola za paukwati. Kwa Dorika sanayang'aneko. Sakanatha.

Kachitseko ka kamera kanakana kawiri konse. Kachitatu kanatseguka. Anakoka filimu ija, nayo inabwera, yaitali, yopiringizika, dzuwa la masana likuiwomba mbali zonse. Anthu a m'zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anafufutika m'manja mwake.

"Basi, yatha," anatero Kingstone mokweza. "Mawa uzijambula wotchi, wamva? Wotchi siluma."

Anzake aja anaseka, onse n'kumapita. Sefu anagwira mkazi wake padzanja, ulendo wa ku njinga yawo, osacheuka ngakhale kamodzi.

Willard anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Anapulumuka, ndipo anachita manyazi ndi mmene mtima wake unakondwera nako kupulumukako.

Anamva mapazi. Dorika anali ataimirira pambali pake. Za mlatho sanamve bwino, ndipo za makamera sankadziwa chilichonse. Chimene anaona n'chakuti filimu ija, imene anaidikira milungu isanu, yatuluka tsopano.

"Yadzaza eti, achimwene? Ambuye alemekezeke!"

Anawerama n'kuitola mosamala, n'kuipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anaikweza kudzuwa ndi manja awiri, n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono kuyambira kumayambiriro, maso atawatsinzinira. Anafika kumapeto. Anabwereranso.

"Maso angawa aipa ndi kulira," anatero akumwetulira mwamanyazi. "Tandilozerani inu. Anavala yachikasu. Ali pati Lusiya?"

Willard anayang'ana filimu yopanda kanthuyo, n'kuweramitsa mutu. Dorika anamuyang'ana nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono. Sanafunsenso. Anapinda filimu ija bwinobwino, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera basi.