Njala ya a Tobias

Chiperoni chinali chitagwira tsiku lachitatu. Phiri la Zomba silinkaoneka, ndipo mvula yamawawa inkanyowetsa malata a ku Zakazaka osalekeza. A Tobias Nampeya anali kumpando wakumbuyo m'galimoto ya mwana wawo Macdonald, chipewa chili pamaondo, m'mimba mukulira.

"Lero tikupita kwa Amwenye, adadi," anatero Sheila, mkazi wa Macdonald, akucheukira kumbuyo. "Za Matchaina za dzulo zija ndaona kuti sizinakukomereni."

"Chabwino," anayankha a Tobias, maso ali pawindo.

Awiriwa anafika Lachinayi kuchokera ku Lilongwe, ndipo ankagona kumalo ogona alendo m'tauni. Anakwatirana chaka chatha, ukwati wa kuofesi wopanda phwando, patangotha miyezi inayi Pauline, mkazi wa a Tobias, ataikidwa m'manda. Aka kanali koyamba kuti Sheila aponde pakhomo la apongozi ake. Macdonald atangoona khosi la bambo ake likusambira m'kolala ya malaya, analamula ngati ali kuntchito.

"Mwaonda, bambo. Masiku atatu awa tikudyetsani m'malesitilanti, musankhe chimene mukufuna. Koma ndikaona kuti simukudya, Lamlungu mukwera nafe. Nyumbayi tiikamo anthu a lendi."

A Tobias anangoyang'ana mapapaya amene Pauline anabzala kuseri kwa bafa. Manda ake anali pafupi, ulendo wapansi woti munthu ubwerako tiyi asanazizire. Ku Lilongwe sankakufuna ngakhale m'maloto.

Njala anali nayo, yambiri. Vuto linali lina. Kwawo ku Phalombe, mwamuna sadya mkazi wa mwana wake akuona. Mkaziyo akalowa pakhomo amayamba wafupidwa: apongozi aakazi amamuitanira m'nyumba, kumupatsa kamphatso, kaya nsalu kaya nkhuku, ndi kumuuza kuti manyazi atha. Zikatero ndiye anthu amadyera pamodzi. Ntchito imeneyi inali ya Pauline, ndipo Pauline anapita asanaigwire. Chifikireni alendowa, a Tobias ankayenda ndi duku la Pauline lamaluwa achikasu m'thumba la jekete. Ankaligwiragwira, koma poyambira osapaona. Kuuza Macdonald? Mwana wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wandevu, ayenera kuchita kuuzidwa zimenezi?

Kwa Amwenye kunali kofunda. Fungo la adyo ndi tsabola linawalandira pakhomo pomwe, mpaka malovu anadzaza m'kamwa mwa a Tobias. Patebulo panabwera nkhuku ya msuzi wofiira, mpunga wachikasu ndi chapati chotentha. Sheila anang'amba chapati ndi dzanja lake n'kuika m'mbale yawo.

"Mumasunsa mumsuzimu, adadi. Chonchi."

A Tobias anakoka tambula ya madzi.

"Bambo, dzulo munati zija zikuoneka ngati nyongolotsi," anatero Macdonald. "Chabwino, ndinamva. Nanga iyi? Iyi ndi nkhuku. Nkhuku yeniyeni, ya miyendo iwiri."

"Ndaiona."

"Ndiye idyeni."

"Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Madzi?"

Sheila anapempha kuti chakudyacho achikulunge. Atafika kunyumba anachiika m'mbale, n'kukhala pampando woyang'anana ndi a Tobias, manja ali pachibwano, kudikira. A Tobias anayang'ana kalendala yapakhoma mpaka alendowo anatopa n'kutsanzika. Galimoto itangozimirira pakona, anadya zonse chiimire, zozizira, mpaka kupukuta mbale ndi chapati chomaliza.

M'mawa Macdonald anapeza mbale yoyera. Anapezanso galu wa aneba atagona pakhonde akunyambita kukamwa.

"Mwapatsa galu."

"Ndadya ndine."

"Bambo, ine si mwana."

A Tobias anavala chipewa. Munthu akakana kumva, iwo sankabwereza mawu.

Loweruka masana anakwera phiri. Msewu unali wokhotakhota, nkhungu ili mbuu, ndipo ogulitsa zipatso ankathamangira galimoto atanyamula timbale pamwamba. Analowa lesitilanti ina yoyang'ana kumtsinje wa Mulunguzi, yokhala ndi moto wankhuni pakona ndi mipeni itatuitatu pambali pa mbale iliyonse. Sheila anaitanitsa pitsa. Kenako anawaitanitsira a Tobias nsomba yokazinga, ndimu ali pambali, ndi tchipisi.

"Iyi ndiye simukana, adadi. Macdonald akuti amayi ankakukazingirani nsomba Loweruka lililonse."

Zinali zoona. A Tobias anameza malovu, n'kupinda manja pachifuwa. Nsomba inkazizira iwo akuona.

Foni ya Sheila inalira, ndipo anatuluka nayo pakhonde. Macdonald anali atapita kukasamba m'manja. Patebulo panatsala a Tobias okha. Dzanja lawo linapita lokha. Anabenthula nsomba, n'kuponya m'kamwa, n'kutola tchipisi zitatu nthawi imodzi. Ankatafuna mofulumira ngati mwana wakuba ndiwo mumphika.

"Eee, adadi akudya!"

Sheila anali ataima pakhomo, nkhope ili mwee. A Tobias anasiya kutafuna. Tchipisi imene inali m'manja anaibwezera m'mbale, n'kukankhira mbaleyo pakati pa tebulo.

Kumwetulira kwa Sheila kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale, n'kuyang'ana a Tobias.

"Ndiye vuto si chakudya," anatero ndi mawu otsika. "Vuto ndine."

Macdonald anafika akupukuta manja. "Chachitika n'chiyani?"

"Ndikatuluka akudya. Ndikalowa akusiya. Ndimawanyansa, Mac. Masiku atatu ndikuzungulira nawo Zomba yonse ngati chitsiru, chonsecho munthu sakundifuna."

"Bambo, n'zoona?"

A Tobias analowetsa dzanja m'thumba la jekete, maso ali pambale. Azungu awiri a patebulo loyandikana anali atasiya kudya, akuwayang'ana.

"Walakwa chiyani mwana wa eni akeyu? Yankhani!" Macdonald anamenya tebulo mpaka mipeni inalira. "Kudya mobisa, kupatsa galu chakudya, osayankhula. Kukhala nokha kwakusokonezani mutu. Basi, zatha. Mukafika mukalongedze chikwama. Mawa sikisi koloko tikunyamuka."

Potsika phiri, Sheila ankayang'ana panja, akupukuta m'maso ndi nsonga ya sikafu. A Tobias dzanja linali m'thumba, litafinya duku lija. Atafika m'tauni anatsokomola.

"Matawale," anatero. "Kwa Safina."

Chinali chinthu choyamba kupempha chifikireni iwo. Macdonald anawayang'ana pagalasi, n'kukhota.

A Safina ankagulitsa tomato ndi anyezi moyandikana ndi Pauline mumsika kwa zaka zambiri, asanatsegule lesitilanti yawo ya matebulo anayi ku Matawale. Biriyani wawo, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama ya mbuzi, ankakoka anthu mpaka ochokera ku Chinamwali. Atangoona a Tobias anaomba m'manja.

"Iii, a Nampeya! Mudakali moyo? Ndimayesa mphepo inakuulutsani. Uyu ndi Macdonald uja ankandibera mabanzi? Nanga uyu ndiye mkazi wake? Khalani, khalani."

A Tobias sanakhale. Anadutsa n'kutulukira kuseri, kumene kunali mbaula ndi mgolo wa madzi. A Safina anawatsatira, chipande chili m'manja.

"Kukhitchini kuno mukufunako chiyani, bambo inu?"

A Tobias anatulutsa duku. A Safina analizindikira nthawi yomweyo.

"La Pauline."

"Mukamupatse mwanayo. Mumuuze mawu aja."

A Safina anasuzumira m'kati, kumene Sheila anakhala atazyolika, kenako anayang'ana mimba yophwa ya a Tobias. Anagwira pakamwa.

"Musandiuze. Simunamufupe? Ndiye masiku onsewa simukudya?"

"Ndi ntchito ya akazi."

"Akazi ake ati? Pauline ali kumanda. Achemwali anu ali ku Mozambiki, mwina sadziwa n'komwe kuti mwana anakwatira."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

"Ayi, pepani. Ine ndi wa mpunga, si wa mbumba yanu. Ndikamupatsa ine, mwanayo adziwa kuti Safina amamukonda. Za inu adziwa bwanji? Taonani maso akewo, walira. Mwamuliza ndinu."

"Sindinamunene kanthu."

"Ndi zomwezo! Simunena kanthu. Pauline ankakuyankhulirani zaka makumi anayi, mpaka kuchipatala ankanena ndi iye kuti a Nampeya mutu ukuwapweteka. Pano wapuma. Pakamwa muli napo, si pomwera tiyi pokha."

A Tobias anaimabe, mvula ikudontha kuchokera padenga n'kumagwera paphewa la jekete. Anakwiyira a Safina, anakwiyira Macdonald ndi sukulu zake zogonera komweko, anakwiyiranso Pauline pochoka osamaliza ntchito. Kenako anaganiza za chikwama chimene chinali pamwamba pa kabati, ndi anthu achilendo akuthyola mapapaya kuseri kwa bafa.

A Safina anali atayamba kale kupakula. "Mbale ndikuika zitatu patebulo limodzi. Enawo ali ndi anthu."

Atalowa m'kati, a Tobias anavula chipewa n'kuima patsogolo pa Sheila. Maso anali pansi. Anatambasula manja onse awiri, duku lili pamwamba.

Sheila anayang'ana mwamuna wake, osamvetsa.

"Gwada, mwana iwe," ananong'ona a Safina akutsitsa mbale. "Landira ndi manja awiri."

Sheila anagwada pasimenti yonyowa ndi mapazi a anthu.

"Ili linali la apongozi anu," anatero a Tobias. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Akanakupatsani okha. Kwathu sitidya pamaso pa mpongozi tisanamufupe. Simundinyansa ayi. Manyazi atha. Ndinu mwana wa pakhomo."

Sheila analandira duku lija, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula sikafu yake, n'kumanga dukulo kumutu, mopotoka. A Safina anamukonzera kumbuyo.

Macdonald anali atagwira mutu. "Bambo, zimenezi basi? Matchaina, Amwenye, phiri lonse lija? Osangondiuza bwanji?"

"Unandifunsa?"

"Ndinafunsa!"

"Unafunsa za nkhuku."

A Safina anaphulika kuseka mpaka anatsamira khoma. "Mwana wa Pauline osadziwa kufupa! Amako akanakukoka khutu pompano, ndevu zakozo zili pomwepo."

Sheila anali atatenga kale jagi ndi beseni. Anagwadanso pambali pa a Tobias, n'kuwathirira madzi ofunda m'manja.

"Nanga za mawa zija?" anafunsa Macdonald, mawu atatsika.

"Ku Lilongwe sindipita," anatero a Tobias.

Anakhala pampando woyang'anana ndi mpongozi wawo, anakokera mbale ya biriyani pafupi, ndipo anayamba kudya.