Zimene Ndinawauza Ambuye Pakati pa Waya

Mmene dzuwa linkatulukira paphiri Lachisanu limenelo n'kuti nditachotsa ndowe m'khola, nditatunga madzi maulendo atatu, nditamweta udzu mtolo umodzi pamene pamafunika iwiri, mphodza ili pamoto, ndipo kamwana ka njati yathu yoweta ya mkaka kamene kanabadwa dzulo lake kakukanabe kuyamwa. Zovala zinali m'beseni chinyikireni Lachitatu. Pamwamba pa zonsezi, linali tsiku lomaliza kulembetsa ana kusukulu, tsidya lina la mtsinje, ndipo Karuna wanga anali atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ine ndinali nditakonza zonse bwinobwino. Ndikanapita Lachinayi kudzera pamlatho wa kumunsi, maola anayi wapansi, monga ndinkachitira nthawi zonse. Koma njati inasankha kubereka tsiku lomwelo. Lachisanu sukulu imatseka dzuwa likangopendeka, aphunzitsi amafuna kholo lenileni, ndipo bambo ake a mwanayo anali ku Qatar, kunyamula simenti. Njira yotsala inali imodzi: tuini, waya uja womangidwa kuchokera pathanthwe la kuno kukafika la uko, wokhala ndi kabokosi ka matabwa kolendewera pakawilo, kamene munthu amadzikoka yekha ndi manja.

Ine ndi tuini tinasiyana ndili kalasi yachisanu. M'mawa wina Dilmaya, mnzanga wokhala naye benchi imodzi, anakwera ine ndikudikira pamzere. Ali pakati anafuna kugwira chikwama chimene chinkatsetsereka. Kenako tinangoona bokosi likugwedera lopanda munthu. Sukulu yanga inathera pamenepo, ndipo kwa zaka khumi ndi zitatu sindinkayang'ana n'komwe mbali ya wayayo.

Apongozi anga, amene bondo linawakhazika pansi chaka chatha, ankazidziwa zonsezi. Koma m'malo mondithandiza ngakhale kusenda adyo, anatumiza mawu kwa amayi busa. Ndikutuluka m'khola ndinapeza amayi asanu pakhonde, mipango kumutu, nsapato zili ndondondo pamasitepe.

"Jaimasi, make Karuna," anandilonjera ndi moni wathu wa Akhristu amayi busa, a Sarita, manja ali pachifuwa. "Tabwera kudzathamangitsa mzimu wa mantha."

"Jaimasi. Mukanabwera ndi zikwakwa. Udzu ukuperewera."

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Alendo asanu ndiye kuti tiyi makapu asanu, ndiye ndinabwereranso pamoto. Atamwa anandikhazika pakati, n'kundisanjika manja kumutu ndi m'mapewa, n'kuyamba onse pamodzi, aliyense zake, mokweza. Ine maso ndinatsinzina limodzi. Linalo linkaona mthunzi wa nyumba ukufupika pabwalo.

Ndisaname, Yesu ndimamukhulupirira. Ndinabatizidwa mumtsinje womwewo, m'mphepete, madzi olekeza m'chiuno, nditawagwira abusa mkono mpaka kuwasiyira zipsera za zikhadabo. Koma mapemphero aatali sindiwatha. Ndikafika pakati ndimakumbukira chimene ndasiya pamoto. Tsiku limenelo sikunali kukumbukira chabe. Fungo la mphodza yopserera linafika pakhonde "ameni" asanafike.

Atamaliza anandifunsa ngati ndapepukidwa. Ndinati ayi. Apongozi anapumira m'mwamba n'kunena kuti mwina Ambuye akufuna chaka chamawa, poti mwana wamkazi sachedwa. Enawo anagwedezera mitu. Kunena zoona, mtima wanga unakondwera nawo mawuwo, ndipo ndinali nditayamba kale kutolera makapu.

Karuna anali pakhomo, atavala diresi yake ya kutchalitchi, tsitsi atalimanga yekha mokhotakhota. Anavula nsapato imodzi n'kunena kuti, "Palibe kanthu, Amayi. Ndizikuthandizani kumweta udzu. Inunso simunapite."

Sanadandaule. Ananena ngati akundiuza kuti mchere watha. Ndinamuyang'ana timanja take, ndipo ndinakwiya. Sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani.

"Vala nsapatoyo."

Gulu lonse linatitsatira kutsika phiri likuimba, kupatula apongozi. Pathanthwe ndinamangirira Karuna m'chiuno mwanga ndi mpango wakumutu, mfundo zitatu. Amayi busa anafuna kupempheranso. Ndinawauza kuti agwire bokosi.

Amene sanakwerepo sadziwa kuti theka loyamba ndi laulere. Waya amagwera pakati, ndiye bokosi limathamanga lokha, kawilo kakulira, mphepo ili m'makutu. Likafika pakati limaima. Kuchokera pamenepo n'chitunda, ndipo palibe wina wokukoka.

Linaima. Pakati pa matabwa ndinaona madzi obiriwira akuzungulira. Patapata wanga wakumanzere anavuka. Ndinamuona akugwa, akugwabe, ndipo sindinamve pamene anafika. Manja anga anagwira m'mphepete mwa bokosi n'kuuma.

"Amayi, kokani."

Sindinathe. Ndinafunafuna vesi m'mutu, ngakhale limodzi mwa aja Karuna amaloweza kutchalitchi Loweruka. Munalibe. Munali Dilmaya yekha ndi chikwama chake. Ndiye ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa zimene zinalipo.

"Ambuye Yesu, tamverani. Ine ndikagwa muno, njati akama ndani? Apongozi ndi bondo lija?"

Mawu anga omwe anandidzidzimutsa. Koma ndinaona kuti dzanja lamanja lachoka pathabwa.

"Udzu mtolo umodzi sukwana, mukudziwa inu. Kamwana kaja sikanayamwe. Zovala zikununkha m'beseni." Dzanja linafika pawaya. Ndinakoka. Bokosi linasuntha pang'ono. "Mwana uyu munandipatsa ndinu, sindinachite kukulandani. Mukufuna azimweta udzu ngati ine? Ngati simukufuna, gwirani mbali inayo. Ndatopa kukoka ndekha."

Ndinawauza zonse: denga lodontha, mbuzi ya oyandikana nawo yodya mawere athu, mwamuna woimba foni mphindi ziwiri. Chilichonse ndikatchula, ndikoka. Mantha sanachoke. Anali pomwepo. Koma ndinasiya kudzimva kuti ndili ndekha pawayapo, monga momwe umadziwira kuti mtolo wakupepukira munthu wina atagwira kumbuyo, usanacheuke n'komwe. Pafupi ndi thanthwe kawilo kanandiluma chala chapakati. Ndinawauzanso zimenezo.

Tinafika aphunzitsi akutseka mawindo. Anayang'ana phazi langa lopanda nsapato, anayang'ana chala, n'kutsegulanso kaundula. Dzina langa ndinalemba ndekha, Sunmaya, zilembo zazikulu za kalasi yachisanu. Pambali pake panadontha magazi. Aphunzitsi anafuna kupukuta, koma anangowapaka.

Pobwerera ndinayambiranso mndandanda womwewo, Karuna akundikumbutsa zimene ndaiwala.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti chigwa chija chimanyamula mawu. Ndikulowa pabwalo, apongozi anandilandira ndi nkhope yowala.

"Mwana wanga, mudzi wonse wamva. Za bondo langa zomwe. Mawa kutchalitchi ukaime kutsogolo upereke umboni."

Ndinati mawa ndili ndi zochapa. Analoza kumpanda. Zovala zonse zinali zitayanikidwa, zamkati zanga zili mbali ya kunjira. M'khola, amayi busa anali atagwada m'ndowe, nsalu yawo ya sari atayikwinyira m'mawondo, zala zili m'kamwa mwa kamwana ka njati, akukakokera kubere. Kanali katayamba kuyamwa.

Umboni ndinakapereka, mawu osakwana khumi, ndipo anandidandaula kuti ndafupikitsa. Karuna tsopano ali kalasi yachitatu. Chaka choyamba chonse ndinkamuwolotsa ndekha m'mawa ndi masana, ndipo palibe tsiku limene ndinafika pakati wopanda mantha. Ambuye amadziwa za pakhomo panga kuposa mwamuna wanga.

Tsikulo linandidyera izi: mphodza ya anthu atatu, poto amene mpaka lero ndi wakuda pansi, shuga wa mlungu wonse, patapata mmodzi, ndi chikhadabo chimene chinamera chokhota. Pakhomo pa khola ndinapeza udzu mitolo isanu, yomangidwa ndi mipango ya kutchalitchi. Theka lake linali zitsamba zimene njati sidya. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha.