Mphepo Yapansi

Ntchito yathu ndi yoonera moto tili pampando. Setilaiti ili kumwamba uko imajambula dziko, zithunzi n'kumagwera pa sikirini yaikulu ya m'chipinda mwathu. Moto umaoneka ngati timadontho tofiira, utsi ngati mchira wotuwa, ndipo ife timatsata mchirawo kuti tidziwe kumene mphepo ikulowera. Abwana athu timawatchula kuti a Dokotala. Si dokotala wa odwala ayi, moti ukadwala usayerekeze n'komwe kuwauza.

Amene ndinayandikana naye desiki ndi Kachete. Dzinali tinam'patsa tokha, poti mtsikanayu ngakhale um'ponde chala, wopepesa amakhala iyeyo.

Tsiku limenelo moto unabuka masana m'nkhalango ya paini. A Dokotala anachita kuvula jekete ndi chimwemwe. "Taonani kukongola kwake!" Kachete yekha anali atauma gwa pampando. Analoza kumunsi kwa timadontho tija.

"Bwana, amayi anga amakhala apa. Ali okha, komanso bondo limawavuta. Ndiwauze achoke?"

"Achoke chifukwa chiyani? Utsi sukuuona? Ukupita kum'mawa, nyumba ili kumadzulo." Kenako anatembenuka, maso ali ngwee. "Iwe, uli ndi munthu pamalopo? Aimbire msanga! Uike pa sipika."

Vuto la setilaiti n'lakuti imaona utsi wam'mwamba basi. Zimene mphepo ikuchita pansi, pamene pamayenda anthu ndi moto, siziona. A Dokotala anali atalira zaka ndi zaka kuti apeze wowauza zapansipo moto uli mkati.

Mayiwo anayankha mwansangala. Atamva kuti abwana a mwana wawo akufuna thandizo, mawu anasinthiratu, ulemu wokhawokha.

"Mayi, tulukani pabwalo, mutape fumbi, muliwaze m'mwamba," anatero a Dokotala. "Likupita kuti?"

Tinamva chitseko, ndodo ikugunda pansi, kenako kutsokomola. "Ndikayang'ana kunkhalango, likundibwerera m'maso, bwana."

Fumbi kubwerera m'maso ndiye kuti mphepo yapansi ikukankhira moto kunyumbako. Aliyense m'chipindamo anadziwa zimenezo. A Dokotala anawomba m'manja.

"Mwamva? Yam'mwamba kum'mawa, yapansi kumadzulo! Paja ndinkanena ine! Lemba, Kachete."

"Mayiwa athawe, bwana," ndinatero ine.

"Ndakufunsa? Chithunzi china chikubwera pompano. Awazenso kamodzi kokha kuti tiyerekeze, kenako azipita."

Kachete anayang'ana foni, n'kuyang'ana abwana. "Amayi, kapena muziyambapo kuyenda..."

"Iwe, usandichititse manyazi pamaso pa abwana ako," mayiwo anam'dula. "Kafumbi komweka? Ndidikira."

Chithunzicho chinachedwa, monga mwa masiku onse. Chitafika, a Dokotala anati awazenso. Atawaza, anafuna kudziwa ngati nsonga za mitengo zikuweramira mbali yomweyo. Atauzidwa, anafunsa ngati phulusa likugwa lotentha kapena lozizira. Kamodzi kokha kaja sikankatha. Mayi aja ankayankha zonse, uku akutsokomola, uku akupepesa chifukwa cha chifuwacho. Ine ndinaimbira ozimitsa moto pafoni yanga, iwo anati msewu wakumeneko watsekeka kale ndi utsi. Pamenepo ulemu unandithera. Ndinatsomphola foni ya Kachete patebulo n'kukuwa, "Amayi, thawani! Asiyeni awa, thawani!"

"Ndithawire kuti, mwananga? Njira sindikuionanso." Anapuma movutikira. "Nanga abwana apeza zimene amafuna?"

Panamveka phokoso ngati la mvula pamalata. Kenako foni inaduka. Kachete anaimbanso, anaimbanso, koma foni sinkalowa. A Dokotala anali atabwerera pa sikirini, akudikira chithunzi chotsatira.

Maliro anachitikira kwa amalume ake a Kachete, poti nyumba ija inatsala makoma okha. A Dokotala anafika ndi nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse, atavala suti yakuda yosita bwino. Ndimadana nawo abwana amenewa, ndipo tsiku limenelo zinkandinyansa kuwaona akugwira anthu chanza.

Titabwerako kumanda, ndinakhala ndi Kachete pansi m'chipinda chochezera, nditam'gwira dzanja. A Dokotala analowa, n'kunjuta patsogolo pake mwaulemu, mpaka azimayi anayamba kunong'onezana kuti koma ndiye bwana wachifundo.

"Pepani kwambiri, chemwali. Mayi anu anatithandiza koopsa. Zimene anatiuza zija palibe anazipezapo." Anatsitsa mawu. "Kanthu kamodzi kokha. Foni ija muli nayo pano? Ndikufuna ndione nthawi yeniyeni imene inaduka. Setilaiti ikusonyeza ngati moto unafika panyumbapo mochedwerapo, ndiye tiyenera kudziwa kuti yolondola ndi iti."

Ndinadikira mbama. Ndinam'masula dzanja dala kuti awamenye bwino, ine ndiwonjezere yanga.

Kachete anapukuta misozi, anapisa m'chikwama, n'kuwapatsa foni ija ndi manja awiri.

"Pepani bwana," anatero, "batire yatsala pang'ono kutha."