Manda a Keturah

"Bwereza, mwina makutu anga agontha," anatero mayi Regina.

"Akuti Lachisanu, achemwali, teni koloko," anayankha Anganile, mng'ono wawo, foni ikadali m'manja. "Akuti mkamwini wanu wabukitsa kale kowotchera mitembo."

Nyimbo inaduka pakati. Amayi a mpingo omwe anadzaza pansi pabalaza la nyumba ya ku Wigston anayang'anana, kenako aliyense anapeza chokonza pachitenje chake. Linali Lachitatu. Thupi la Keturah, mwana yekhayo wa mayi Regina, linali litafika ku Leicester kuchokera ku Austria, komwe anagwa paphiri akuyeserera mpikisano. Mwamuna wake, Brandon, ankaumirira kuti malemu analemba okha kuti awotchedwe, phulusa likamwazidwe paphiri lomwelo.

Lolemba mayi Regina anamulalatira Brandon pafoni mpaka mawu kusasa. Lachiwiri anamutumizira abusa, omwe anabwerako atamwa tiyi basi. Lamulo la kuno limamvera mwamuna, wobereka alire alekeze. Bambo wa Keturah, a Wilbert, anaikidwa ku Ntcheu, manda omwe mkazi wawo anawaonako kawiri kokha. Tsopano Brandon ankafuna kuwalandanso awa, manda okwerera basi imodzi, okazulapo udzu Loweruka.

Mayi Regina anaimirira n'kuvala jekete pamwamba pa zakuda zawo.

"Namfedwa satuluka pasiwa, achemwali. Anthu ati chiyani?"

"Anthuwo ali ndi manda a ana awo, kapena ana awo ali moyo. Ndipatse kadi ya basi."

Atatsika basi, m'sitima ya ku Loughborough, komwe Brandon ankakhala, anadzitukwana okha. Ndi iwo omwe anasainira kalata ya sukulu, Keturah ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, yoti akayese kutsetsereka pa kamtunda koyalidwa pulasitiki, atamanga masiki, timatabwa tatitali totsetserekera, kumapazi. Ankayesa ndi masewera a tsiku limodzi. Kamwanako kanabwera zigongono zili magazi okhaokha, kakufunsa kuti Loweruka lina lifika liti. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anapita kumapiri enieni a chipale chofewa, ndipo anapambana kanayi mpikisano wa dziko lonse wokhotakhota pakati pa timitengo. Bondo linathyoka kawiri, iye osamva. Mayi ake sanaonereko ngakhale kamodzi. Ankayatsa wailesi ya kanema pabalaza, iwo n'kukaima kukhitchini akutsuka mbale zotsuka kale, kudikira kuti wolengeza atchule dzina la mwana wawo ali wamoyo.

Mayi Regina anamupeza Brandon m'galaja. Anali mnyamata wa ku Chipata, ndipo asanakhale mwamuna wa Keturah anali womukonzera masiki. Ngakhale tsiku limeneli anali atapanira amodzi pathebulo, akunola m'mphepete mwake ndi tupa, ngati kuti mawa pali woti awavale. Ndevu zinali zosameta, maso ofiira. Ataona apongozi ake anaika tupa pansi n'kubwerera chammbuyo, monga amachitira nthawi zonse. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati, awiriwa anali asanagwiranepo chanza.

"Amai, mwabwera mweka?"

"Ndabwera ndekha. A Brandon, mwana wanga si zinyalala zoti mutenthe."

"Niziba, amai. Koma ninapromisa. Anali kulemba zimenezi chaka chilichonse sizoni ya mipikisano isanayambe. Manje ningachite bwanji?"

"Mudzakwatira wina inu. Ine ndidzabereka wina? Ndikamusowa ndizikalira pati, m'mwambamu?"

"Na ine nifuna manda," anatero Brandon. "Muganiza nifuna kumuona aloba mu moto? Koma mau ni yake, si yanga."

Mayi Regina anayang'ana uku ndi uku. Pakhoma panali zipewa zolimba, manambala a mipikisano, mendulo zitakolekedwa pamsomali umodzi ngati makiyi. Anangotsala ndi mantha a Lachisanu. Anaika chikwama pansi, anagwira m'mphepete mwa thebulo, natsitsa bondo limodzi, kenako linalo, pasimenti yothimbirira ndi phula, pamaso pa mkamwini wawo.

"Ndikupemphani, bambo. Ndisiyireni mwana wanga."

Brandon anatembenukira kukhoma, manja kumaso, chifukwa ankadziwa kuti zoterezi maso a mkamwini sayenera kuona.

"Imani, amai. Napapata, imani."

"Sindiimirira."

Kenako Brandon anatsegula kabati ya zitsulo n'kutulutsa envulopu yopindika. Anakhala pansi nayenso, chapatali, kuti asawapose msinkhu. Kalatayo inali ya m'Chingelezi, ndipo ankaiwerenga akuimasulira pang'onopang'ono.

"Apa pothera analemba so: 'Amayi adzakulalatira pafoni. Usagonje. Adzakutumizira abusa. Uwapatse tiyi, usagonje. Koma akadzabwera okha n'kugwada, uwapatse thupi langa, phirilo uliiwale. Amayi anga sanagwadirepo munthu kupempha kanthu, ngakhale tsiku lomwe achibale a adadi anatilanda nyumba. Akagwada ndiye kuti atheratu. Usawauze zimenezi zisanachitike.'"

Mayi Regina sanalire msanga. Anamva manyazi poyamba, kenako mkwiyo, kuti mwana ameneyu anawawerenga ngati nyuzipepala, mpaka tiyi wa abusa. Chomwe chinawapweteka koposa n'chakuti anali atapambana, koma akudziwa bwino lomwe kuti mwini wake ankafuna phiri.

"Niimbe foni nikakensele kowotchera kuja?" anafunsa Brandon.

Akanatha kunena kuti ayi, mupatseni phiri lake. Anayesa, mawuwo anakana kutuluka.

"Imbani," anatero.

Atamaliza kuimba, anawapeza akadali pansi pomwepo, akusalaza envulopu ija pantchafu.

"Analemba liti zimenezi?"

"Okutobala, pa thebulo ino. Muziba, amai, akalibe kutsika phiri anali kuyamba walipitamo pang'onopang'ono, kuona kona iliyonse. Akafika pamwamba atseka maso, atsika nayo m'mutu, dzanja licita so. Na kalata iyi anacita cimodzimodzi. Anatseka maso, anati, niyembekeze, nione mwamene Mum azabwelela."

Brandon anatseka maso ake n'kukweza dzanja lamanja. Linakhotera kumanzere, linakhotera kumanja, mofulumira, mosakayika, monga dzanja la munthu wodziwa njira. Kenako linaima m'malere.

"Apa anaima nthawi itali," anatero. "Anati kona iyi, ya imwe kugwada, sangaipite."

Dzanjalo linakhalabe pomwepo, ndipo mayi Regina sanachotsepo maso.