Dzino Limene Analikwecha

"Musalitsuke, apongozi! Kumuzu musagwireko n'komwe. Liponyeni mumkaka, mubwere nalo pompano."

Anatero pa foni mpongozi wawo, yemwe ndi dokotala wa mano. Koma ouzidwawo anali a Sopo, bambo wotsuka magalimoto, amene ngakhale tayala amalipukuta mpaka kudzionerapo nkhope. Munthu wotere mukamuletsa kutsuka chinthu ndiye kuti mwamutukwana.

Simenti yonyowa ilibe chibale, ana inu. M'mawa umenewo a Sopo anakwera pa benchi kuti atsuke pamwamba pa minibasi, thovu lili mbwee pansi. Benchi inatsetsereka, pakamwa n'kumenya chitseko cha galimoto. Mano awiri akutsogolo anazuka athunthu, ndi mizu yomwe. Limodzi linagwera pamapazi pa mkazi wawo, amene anali atangobweretsa tiyi. Linalo linakathera m'ngalande. Ndi pamene anaimbira foni mpongozi uja.

Mayiwo, pokhala amantha, anamvera. Anatola dzinolo cha kumutu ndi zala ziwiri, naliponya m'kabotolo ka mkaka wa tiyi. A Sopo anavuula linalo m'ngalande. Kumuzu kunali tinyama toterera, tosakanikirana ndi mchenga.

"Zimenezi ndikaonetse mkazi wa mwana wanga? Aziti ndimadya ndi nkhumba?"

"Bambo, mwanatu wanena kuti..."

"Mwanayo amadziwa mano. Litsiro ndimalidziwa ndine."

Anatenga kaburashi kokwechera m'mipata ya mawilo, napaka sopo, nakwecha, magazi akudontha pachibwano. Muzu unayera ngati mbale yatsopano. Analikulunga m'pepala louma, naliika m'thumba la malaya.

Kuchipatala mpongozi anawagoneka pa mpando wotsamira, nyale ili phaa kumaso. Anavuula dzino la mumkaka, nalitembenuza.

"Amayi, manja anu ndi odala."

Atamasula pepala lija, anayang'anitsitsa dzino linalo.

"Layera, eti?" anafunsa a Sopo, mawu akutuluka ndi mphepo.

"Layera, apongozi. Koma mwasesa nyumba ndi eni ake omwe."

"Eni ake ati?"

"Toterera tija. Dzinotu silikhomedwa m'fupa ngati msomali. Limamangidwa. Kuzungulira muzu wonse pali timaulusi tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tina timagwira fupa, tina timakoka nkhama kuti ikumbatire dzino. Thupi limatiluka lokha ndi mapuloteni, ndipo pamene nkhama yakumana ndi dzino limamatapo ngati ulimbo, kuti tizilombo tisapeze polowera. Mwa toterera tija ndi mmene mumakhala amisiri oluka ulusiwo. Akafika amoyo, amalumikiza pamene paduka."

"Ndiye amisiriwo atsala m'burashi," anatero mayi, akugwira kukamwa.

"Inu khalani chete," anatero a Sopo, koma mawu analibe mphamvu.

Manja a mpongozi uja, ee, Mulungu amapatsa! Sananjenjemere n'pang'ono pomwe, ngakhale kuti kamwa linali la apongozi ake. Anatsuka mabalawo ndi madzi amchere, nalowetsa dzino lililonse m'dzenje lake mwaulemu ngati akugoneka khanda. Kenako anadutsitsa kawaya kopyapyala, nakamata ku mano oyandikana nawo.

"Ndabwezera onse awiri. Koma loyerali sindikulonjezani."

A Sopo anadziyang'ana pagalasi. Onse awiri anali m'malo mwake, ndipo lokwecha lija ndilo linkawala. Anaseka, napita kwawo akuyenda ngati wopambana mlandu.

Kawaya katachotsedwa, zinayamba kuoneka. Pa dzino la mumkaka nkhama inali itatsika, itagwira gwa ngati kolala ya malaya, yofiirira bwino. Mpongozi analigwedeza ndi chala, ilo linangovomera pang'ono n'kubwerera, monga limachitira dzino lamoyo. Thupi ili ndi mmisiri, ana inu, limasoka popanda singano. Koma pa loyera lija nkhama inkathawa ngati yaona njoka. Panatseguka kampata, zakudya n'kumabisalamo, fungo n'kuyamba. Mpongozi anatsuka, anapereka mankhwala, anayesa zonse zimene anaphunzira. Ulusi unalibe woluka.

Mwezi wachinayi chichitikire ngoziyo, masana ena, a Sopo anakhala pansi kuti apume, naluma nthochi yakupsa. Atayichotsa kukamwa, dzino loyera lija linali litaima mu nthochimo. Silinapweteke, magazi sanatuluke. Patapita masabata ochepa nkhama inatseka dzenjelo, posalala bwino, ndipo mpaka lero lilime lawo limapitabe pamenepo kukafufuza.