Makontena Otsuka a Loweruka

Amuna anga ali ndi matenda a shuga. Chaka chatha anapunthwa pakhomo la bafa, chala chachikulu cha phazi lamanzere n'kuchita kabala, ndipo kabalako kanakana kupola. Adokotala anatiuza mosabisa kuti shuga akapanda kutsika, chalacho adzachidula, mwinanso ndi phazi lomwe.

Ine ndimaluka tsitsi ku saluni, ndipo Loweruka ndilo tsiku limene makasitomala amadzaza mpaka pakhonde. Choncho Loweruka lililonse bambowo ndiwo ankatenga ana athu awiri kupita nawo ku paki ya makatungwe: mtsikana wathu woyamba, amene timangomutcha Chisamba, ndi mlongo wake Mzime.

Mbali yanga inali kulongedza chakudya. Ndinkalawirira kuwiritsa mazira ndi nkhuku, n'kuichotsa khungu. Nkhaka ndi karoti ndinkazidula m'litali kuti Mzime azitha kuzigwira akuthamanga. Buledi wabulauni ndinkamupaka peyala m'malo mwa majarini, n'kufinyirapo ndimu kuti asade. Ndinkaikamonso mtedza wopanda mchere, malalanje osendasenda ndi botolo la madzi. Ndikatseka kontena yomaliza, ndinkatsamiritsa dzanja pachivundikiro n'kunena chamumtima, "Ambuye, chikagwire ntchito m'thupi."

Madzulo makontena ankabwera opanda kanthu, otsuka ndiponso opukuta. Ngakhale m'timizere ta chivundikiro, momwe zotsalira zimabisala, munkakhala moyera. Zimenezi zinkandikhudza. Ndinawauzapo anzanga ku saluni.

"Iwe ndiye unakwatiwa," anatero mmodzi. "Anga aja ngakhale supuni sadziwa komwe imagona."

Koma shuga sankatsika. Tsiku lina ku chipatala anesi anayang'ana kamakina koyezera, n'kundiyang'ana ine.

"Mayi, kodi bambowa mukuwadyetsa chiyani? Mwatopa nawo? Mukufuna umasiye?"

Khomo linali lotsekula, ndipo anthu a pabenchi anasuzumira. Amuna anga ankayang'ana kalendala ya pakhoma. Ndinapepesa. Nditafika kunyumba ndinachepetsanso buledi, n'kusiya kugula shuga m'nyumba monse, ngakhale wa tiyi wanga.

Kenako abwana anatseka saluni Loweruka lina kuti apake penti. Ndinasangalala ngati mwana.

"Lero ndikupita nawo," ndinalengeza ndikulongedza.

Chisamba anayang'ana bambo ake. Mzime anayang'ana Chisamba.

"Bwanji osapumako, mayi?" anatero amuna anga. "Sabata yonse mwaimirira."

"Ndikapumira konko."

Pageti la paki panali mlonda wachikulire, atakhala pampando womanga ndi waya. Atationa anadzuka, dzanja lake n'kulunjika pachikwama cha chakudya chimene amuna anga ananyamula, ngati munthu wolandira chake. Kenako anandiona ine.

"Bwana, awa ndiwo amayi aja?" Anavula chipewa. "Mayi, Mulungu akudalitseni. Ndakhala ndikuwauza bwanawa kuti tsiku lina adzabwere nanu ndidzakuthokozeni pamaso."

"Achimwene, tionana potuluka," anatero amuna anga, akutsokomola.

Koma mlondayo anali atayamba kale.

"Akazi anga amadwala kuthamanga kwa magazi. Chakudya chanuchi ndiye chimawayanja. Loweruka likafika amachita kundifunsa kuti kodi bwana uja wabwera. Mazira mumaphika bwino, kungoti mchere mumaumira pang'ono." Anaseka. "Makontena anu ndimayesetsa kutsuka pampopi apo. Ngati pena ndimasiya fungo la sopo, mundikhululukire."

"Mumatsuka bwino, bambo," ndinayankha. Mawu anga anatuluka osalala, ndipo ndinadabwa nawo.

Tisanafike pamakatungwe, munthu wina anafuula kuchokera pa kashedi ka malata komwe mafuta ankathetheka m'chiwaya.

"Abwana a Loweruka! Zija zomwe? Tchipisi zitatu, soseji, ya bambo ndithire mayonezi wambiri?" Anali atayamba kale kutsekula mabotolo a zakumwa zotsekemera.

Ndinapita pabenchi ya pansi pa mtengo n'kukhala. Amuna anga anabwera akutsimphina n'kukhala kumapeto kwake, chikwama chili pakati pathu.

"Amama, adadi anati ndi chinsinsi," anatero Mzime. "Anati tikaulula mudzadandaula."

"Khala chete iwe!" anamukalipira Chisamba, misozi itayamba kale.

Ndinamuyang'ana Chisamba. Ndiye amene ankandiuza madzulo aliwonse a Loweruka kuti, "Amama, zinali zokoma," akundipatsa makontena m'manja.

"Pitani mukasewere," ndinawauza. Anapita, koma sanakwere katungwe. Anangoima pafupi ndi mzati, akutiyang'ana.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Mayi, si nkhani yoti tikambire pano."

"Kuyambira liti, bambo?"

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Pakhala kanthawi."

"Chibalacho chisanayambe kununkha, kapena chitayamba?"

Anayang'ana phazi lawo. Kenako anati, "Sabata yonse ndimadya ngati mbuzi. Masamba m'mawa, masamba madzulo. Tsiku limodzi lokha ndimafuna ndikhaleko munthu. Ana awa aziti bambo athu ankatigulira tchipisi, osati bambo athu ankangotafuna karoti pabenchi ngati wodwala."

"Ndinu wodwala."

"Ndikudziwa! Mukuyesa sindidziwa? Ndimalimva phazili usiku ndi usana." Anatsitsa mawu. "Ndiye chakudyacho sindinkataya. Chinkathandiza anthu."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa zinali zoona. Ndinaganiza za mkazi wa mlonda uja, amene sindinamuonepo, akudikira Loweruka. Sindikanatha kumukwiyira.

"Za tchipisi ndikanamvetsa," ndinatero. "Mukanandiuza kuti mwalephera, tikanalira limodzi, mwinanso tikanakafunsa adokotala ngati kamodzikamodzi n'kololedwa. Koma tsiku lija anesi ankandinyoza pamaso pa anthu, inu munali pompo. Munkadziwa. Munangoyang'ana kalendala."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi anuwo ndinasenza ndine. Ndipo mwawaphunzitsa ana anga kundinamiza akundiyang'ana m'maso."

Anatambasula dzanja kuti atsekule chikwama. "Chabwino, tiyeni tidye. Lero ndidya zonse."

"Lero n'chapafupi, ndili pano."

Ndinatulutsa kontena ya ana n'kuwaitana. Anadya mwakachetechete, Chisamba akusisima. Ndinamupukuta misozi ndi nsonga ya mpango wanga, koma sindinamuuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanalipo. Kontena yanga ndinakaipereka ndekha kwa mlonda. Njala ndinalibe.

"Mukawapatse moni amayi kunyumba," ndinatero.

Anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana kubenchi kuja, ndipo chimwemwe chinamuthera.

"Mayi, kodi ndalakwa?"

"Ayi, bambo. Inu simunalakwe."

Anangonyamula mpando wake wa waya uja n'kundiikira pamthunzi, iye n'kukaima pageti. Ndinakhala pamenepo kanthawi. Ndinayesa kupemphera, koma mawu sanabwere.

Pobwerera kunyumba ndinawauza amuna anga chinthu chimodzi chokha. "Lolemba ku chipatala mukalankhula nokha. Ine ndikakhala panja."

Madzulo ndinawatsuka balalo monga mwa masiku onse, ndi madzi ofunda a mchere, n'kumanga bandeji yatsopano. M'mphepete mwake munali mutada. Tonse awiri tinaona.

Lolemba, dzina la amuna anga litaitanidwa, anaima pakhomo la chipinda cha anesi n'kucheuka.

"Zoona simulowa?"

Ndinapukusa mutu. Analowa okha n'kutseka chitseko.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako mawu a anesi anakwera, n'kutsikanso. Anesiwo anatuluka kukaitana adokotala, ndipo adokotalawo analowa atavala kale magolovesi. Mayi wina woyembekezera amene anali pambali panga anasendeza chikwama chake kuti ndikhale bwino, n'kundipatsa kapepala kopukutira. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndikulira.

Patapita nthawi anesi anasuzumira. "Mayi, lowani."

Sanapepese. Koma anakoka mpando wawo womwe n'kundikhazikapo, ndipo polankhula sankandiyang'ana m'maso. Adokotala anati chalacho sichingapulumukenso, achidula sabata yomweyo. Phazi likhoza kutsala, ngati bambowo atasankha kulisunga posamala zakudya.

"Ndawauza zonse," anatero amuna anga. Anali atakhala pabedi, phazi lili pamtunda, nkhope itagwa. "Za Loweruka, za ana, zonse. Ndawauza kuti inu mulibe mlandu."

Anatambasula dzanja lawo kwa ine. Ndinaliona. Ndinawerama n'kutola nsapato yawo imene inagwera pansi pa bedi, n'kuifumbata pamiyendo panga ndi manja onse awiri.

"Adokotala," ndinatero, "tibwere nawo tsiku liti?"