Mpheta m'Chisoti cha a Zacheus

Mgodi utatsekedwa, amuna anga a Zacheus anabwerera kunyumba ku Kasanda ndi kalata yowachotsa ntchito ndi chisoti chawo cha kumgodi. Kalatayo anaiika m'Baibulo. Chisoticho anachikoleka pamsomali wa pakhonde chili chagada, iwo n'kukhala pakampando pansi pake. Anakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri. Munthu amene ankaseka ngakhale m'tchalitchi, tsopano ukamupatsa tiyi ankangoti, "Ikani apo."

Ndiye kunabwera mpheta ziwiri. Zinayang'ana chisoti, zinayang'ana mwini wake, n'kuona kuti onse alibe kopita. Zinayamba kututa udzu. Posakhalitsa yaimuna inkatera pabondo la a Zacheus kudzatola nyenyeswa za buledi, buledi amene ine ndinkagula nditapsa ndi dzuwa pamsewu kugulitsa tomato. Zinkandinyansa.

Lachitatu lina kunafika a Mathias, mnzawo wa kumgodi.

"Bafuna bantu kophwanya miyala, Monday," anatero a Mathias. "Koma aliyense abwele na helemeti yake. Ngati ulibe, pageti sungene."

A Zacheus anayang'ana pamsomali. "Muli bana batatu umo. Babadwa Sunday."

Ndinapsa mtima. M'nyumba ufa unali utatsala wa masiku anayi. Loweruka, iwo ali kosamba, ndinakwera pampando n'kutsitsa chisoti kuti ndikhuthule zinyalalazo. Timilomo titatu tachikasu tinayasama nthawi imodzi. Kunena zoona tianato tinali tonyansa, topanda nthenga, mimba zokhazokha. Ndisanachite kanthu, mayi wawo anatera pachala changa chachikulu, mbozi ili kukamwa, n'kuyamba kudyetsa ana ake ine ndili chigwirire chisoti. Timiyendo take tinali topepuka ngati ulusi. Sanandiope n'komwe, ngati ndine msomali uja. Ndinamva kukoma mumtima, ndipo zinandikwiyitsa kuti ndamva choncho.

Kumbuyo kwanga munthu anaseka. Anali a Zacheus, sopo ali m'makutu. Ndinali nditaiwala kuti amaseka bwanji.

Ndinabweza chisoti pamalo pake, ndinamanga chitenje, n'kupita kwa amake Beauty, mkazi wamasiye wa a Sailas amene ankagwiranso kumgodi, kukapempha chisoti cha malemu. Anachitulutsa m'sutikesi, anachipukuta nthawi yaitali, kenako anandipatsa.

Lolemba a Zacheus ananyamuka m'mamawa atavala chisoticho, dzina la a Sailas lili pachipumi. Atafika pageti pathu anatembenukira kwa ine.

"Amake Derrick, buledi muzizipasa pa ten. Zimakonda munthu ankhale pansi."

Ndinawauza kuti ine si wantchito wa mbalame, ndili ndi tomato wogulitsa. Anangogwedeza mutu n'kumapita.

Teni koloko itakwana ndinali pakampando kaja, nyenyeswa zili pabondo.